Mwezi Woyera pa Thabwa

Lachinayi masana, Ipyana anabweza kasitomala wachitatu. Kasitomalayo anali mwini butchala, ankafuna chikwangwani.

Mwamuna wake, Gordon Mwalwimba, analemba zikwangwani ku Mwenilondo kuyambira 2011. Magolosale, masaluni, ngakhale mayina a mabwato a ku Ngara, zonse zinali dzanja lake. Mu Malichi 2023 anasiya, osapereka chifukwa. Tsopano ankangojambula chinthu chimodzi pa zidutswa za matabwa: mpira wachikasu wozunguliridwa ndi mphete, pansi pake kamwezi koyera ka mizeremizere, kwina konse mdima.

Ipyana anayesa zonse. Analira, anakalipa, anaitana akulu a mpingo. Gordon ankangoti mutu ukumupweteka. Pempho lake linali limodzi: Ipyana akabwera ku Umanyano, gulu la amayi a mpingo, asavule duku lake loyera, akhale pabenchi m'kashedi kopanda windo, pansi pa babu, iye azijambula. Ipyana ankakhala, n'kumaona bizinezi ikufa. Sabata imeneyo Gordon anagwetsa chitini cha penti kawiri.

Madzulo a Lachinayi lomwelo Ipyana, duku lili kumutu, anabwera ndi a Comfort Kamwendo, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Ntcheu. Mwina munthu wophunzira akanamubweza mwamunayo pansi pano.

A Kamwendo anaima patsogolo pa matabwawo nthawi yaitali.

"Mayi, bambowa sanapenge ayi. Iyi ndi pulaneti ya Saturn ndi mphete zake. Koyeraka ndi Enceladus, mwezi wake wokutidwa ndi madzi oundana. Onani ming'aluyi! Bambo Mwalwimba, mwatibisira luso. Mwangophonya pamodzi: mphete za Saturn sizikhala ndi mitundu ya utawaleza."

"Zanga zili nayo," anatero Gordon, osatembenuka.

"Tijambulireni pakhoma la sukulu. Ndikalankhula ndi ahedi mawa lomwe."

Mtima wa Ipyana unakhala pansi koyamba m'miyezi yambiri. Anaperekeza mlendoyo mpaka kumsewu, n'kubwerera akuseka. Analankhula m'Chinkhonde, monga amachitira akakhala awiri, akumutchula ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Tusekile, ndinu achinsinsi! Ine kuno kuonda, inu muli kumwamba ndi mapulaneti. Munaziona kuti zimenezi? Pafoni ya ndani?"

Gordon anapapasa pathebulo mpaka anapeza bulashi.

"Khoma la sukulu sindingalithe."

"Chifukwa?"

"Khalani pabenchipo kaye."

Ipyana anakhala. Gordon anakweza nkhope, maso ake n'kufufuza pang'ono asanaime.

"Saturn ameneyo sindimudziwa, mayi a Tusekile. Wachikasuyo ndi babu ili pamwamba panuyo. Umu ndi mmene ndimaionera."

Ipyana anayang'ana kamwezi koyera kaja. Pa thabwa lililonse latsopano kanali kocheperapo. Dzanja lake linapita lokha pa duku.

"Nanga aka?"

"Ndi inu," anatero Gordon. "Zomwe zatsala m'maso mwangamu."