Bigili Yosowa pa Boti la a Tedson

Farida anali atakhala pa bwato logadabuzika pagombe la Ngala, foni ili m'manja, chala chili lende m'mwamba. Pafoniyo panali dzina la a Tedson, ndipo pansi pake panali mawu ofiira akuti: Chotsani.

Mwina simukumudziwa Farida. Ndi mwana uja wa malemu Che Swaleh, mtsikana amene sukulu anailekezera fomu 2. Za makompyuta sanaphunzireko n'komwe. Anangotenga foni n'kuyamba kuuza AI, ija umangoilembera zimene ukufuna iyo n'kukupangira, kuti akufuna pulogalamu yogulitsira usipa. Anakangana nayo ngati akazi a pamitala, iye akuti chakuti, iyo n'kupanga china, mpaka zinatheka. Masiku ano boti likangokocheza, Farida amajambula mabigili a usipa, zoyezera zija, pulogalamu n'kuwawerenga. Ogula a ku Kasungu ndi ku Lilongwe amasankhiratu asanakwere n'komwe minibasi. Mtsikanayo amalawirira kunyanja mbandakucha, kunyumba n'kubwerera madzulo, ndipo pagombe anayamba kumutchula kuti Madamu.

Vuto linali boti la a Tedson. Pachithunzi mabigili ankakwanira, koma pofika m'manja mwa wogula imodzi inkasowa. Tsiku lililonse imodzi. Ogula atadandaula, Farida anauza AI kuti aliyense wodandauliridwa kwambiri azichotsedwa. Lamulolo analiganiza yekha, osadziwa kuti liyambira pa ndani.

Ndiye za kumene bigiliyo inkapita, inu, pagombe panalibe wosadziwa. Dyna wa zitumbuwa anawaona a Tedson akulowa njira ya m'chinangwa atanyamula ndowa yovindikira ndi chitenje. Mnzake Fainess anati bigiliyo imapita kwa chibwenzi, mkazi wa ku Dwangwa, wopaka zofiira pamilomo. Mnzawo Rahila anati ayi, ndi wa konkuno, ndipo ali ndi pakati kale. Taganizani, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo. Akazi awo akudya usipa wophwanyika, chibwenzi chikudya wosankha.

Komabe Farida mtima unkamuwawa. A Tedson ankapha nsomba pa boti limodzi ndi bambo ake. Kuwachotsa kunali kuwabweza kwa mavenda aja amene amadikira dzuwa likwere, usipa uyambe kufewa, kenaka n'kutchula mtengo wachipongwe. Anadzuka n'kupita pamene mkuluyo ankasoka ukonde.

"Bambo, bigili imodzi ija ikumapita kuti?"

A Tedson sanadzutse mutu. "Kumene imapitako."

"Ogula akudandaula. Mukandiuza, mwina ndiona chochita."

"Foni yakoyo sinaname, mwana wanga. Chita zimene ikukuuza."

"Anthutu akulankhula zambiri."

"Pakamwa ndi pawo."

Farida anaima kanthawi, akuyembekeza kuti mwina akana, kapena akwiya, kapena anama bodza loti iye alivomere msanga. Koma singano inangopitiriza kulowa ndi kutuluka mu ukonde. Farida anadina mawu ofiira aja. Dzina la a Tedson linazimiririka.

Mawa lake usipa wawo unakhala pathandala mpaka masana, ntchentche zikuchita phwando. Farida ankadutsa kutali, maso ali pafoni ngati pali nkhani yofunika. Dyna anamupatsa chitumbuwa chaulere akuti wachita zachilungamo, koma iye sanachidye. Asanathe masiku ambiri, a Tedson anasamutsa boti lawo n'kumakakocheza ku Liwaladzi. Sanatsanzike aliyense.

"Manyazi awagwira," anatero Rahila. "Kapena mayi uja wasamukira komweko."

Onse anaseka. Farida nayenso anaseka pang'ono, akudziuza kuti wakuba ndi wakuba, ngakhale atakhala mnzawo wa bambo ako. Ogula anasiya kudandaula. Maboti ena awiri anapempha kulowa nawo. Zonse zinkayenda bwino, kupatula kuti akayang'ana pamalo pamene boti lija linkakocheza, ankayang'ana kumbali msanga.

Lachisanu m'mawa Dyna anamukodola ndi chigongono. Chakumtunda kunkatsika mayi wovala mpango wakuda, beseni lopanda kanthu lili m'khwapa. Anali amayi ake a Farida, amene chimirire amuna awo sanapondepo pamchenga umenewu.

"Farida, boti la a Tedson silikuoneka. Adwala?"

"Anasamukira ku Liwaladzi, amayi. Mukuwafuniranji?"

Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Gawo la bambo ako. Pa boti lija munthu akamira, anzake amamuyezerabe bigili yake n'kukasiya kwa mkazi wake mwakachetechete, kuti asaoneke wopempha. Iwe unkayesa usipa umene timadya, ndi umene ndinagulitsa kuti ndikugulire foniyo, umagwa kumwamba?"