Waya wa Kanadi

Uthenga wa hotela unapeza Jamilu m'galaja, akupota waya wa mbedza: ntchito yatsopano imene anamulonjeza ija yafa, korona yatseketsa zipinda. Notisi anali atapereka kale kwa bwana wake dzulo lake, pachifuwa patatukumuka ndi lamulo latsopano lolola kusintha ntchito.

Bwana wake, msodzi wamkulu wa Doha yense amene sanapotepo waya chibadwire, analowa atavala masiki.

"Yalla, fulumira, Jamilu! Nsomba ya kanadi imadula ulusi ndi mano. Undipotere mawaya makumi asanu usanachoke."

"Bwana, ndimaganiza kuti mwina ndikhalebe..."

"Khalasi, zatha. Wina wolowa m'malo mwako akubwera Lamlungu. Umuphunzitse bwino, asakandichititse manyazi panyanja."

Nsonga ya waya inamulowa m'chala. Jamilu anayamwa magaziwo.

"Inshallah, bwana," anatero.