Chambo cha pa Ukwati wa Shakila

Panali munthu wina wa ku Nkope, woyendetsa pikapu, tingomutcha Dyson. Tsiku lina mayi Ajira, ogulitsa nsomba, anamupempha kuti awanyamulire chambo cha pa ukwati wa mwana wawo Shakila, kumudzi kwawo kuseri kwa Namwera. Chambo chachiwisi mabeseni anayi, ayezi pamwamba. Chinayenera kufika ayeziyo asanasungunuke.

Dyson anali atangogula foni yolozera njira. Ali m'kati mokwera mapiri, foni inati akhotere kumanja, pa kamsewu kafumbi.

"A Dyson, tsatani tala," anatero mayi Ajira. "Uko n'kwa njinga."

"Mayi, foniyi imaonera kumwamba. Ikuti uku n'kwachidule."

"Mzimayi wa m'foni mwanuyo anatungako madzi kuno? Ine mchombo wanga unagwera konkuno."

Dyson anangoseka, n'kukhota. Miyala inayamba, chitunda pamwamba pa chitunda, msewu n'kusanduka kanjira ka mbuzi. Anafika pamtsinje, mlatho wamitengo unakokoloka kalekale. Foni ili phee, netiweki yathawa.

"Mufunseni mnzanuyo ngati tiwuluke," anatero mayi aja.

Pobwerera chafutambuyo, tayala linagwera m'ngalande. Dzuwa lili pamutu, madzi a ayezi ali tho! tho! pansi. Patapita nthawi kunatulukira mlimi wa fodya, n'kugwira m'chiuno.

"Yakubweretsani foni eti? Ndinu achitatu mwezi uno. Dikirani ndikatenge ng'ombe, zinazolowera."

Ng'ombe zinakokadi. Koma pomafika pa ukwati n'kuti dzuwa litapendeka, ntchentche zikuperekeza galimoto. Chambo chonse chinakwiriridwa kuseri kwa khola. Alendo anadya mpunga wa nandolo.

Apa ndiye pali tchimo. Akuchimuna atafunsa, Dyson anati, "Mayiwa ndi amene andisocheretsa, anaiwala njira yakwawo." Anthu anaseka. Mayi Ajira anangomuyang'ana, poopa kuyambitsa phokoso pa ukwati wa mwana. Zaka zinayi tsopano anthu akuwaseka kuti anasochera kwawo komwe.

Abale anga, ndisakunamizeni kawiri. Dyson ameneyu ndine. Mwezi watha ndinapita kukawapepesa padoko pomwe amagula nsomba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndakukhululukirani, bambo. Koma bodza munalinena pagulu, nanga chilungamo mukunong'oneza bwanji?" Ndiye ndalemba kuti aliyense amve: mayi Ajira sanasochere. Ndinasochera ndine.

Phunziro: Foni imaona mzere, siona mlatho. Mukamakwera mapiri, mverani amene anabadwira komweko, ndipo mukalakwitsa musamasenzetse mnzanu. Tumizirani madalaivala onse nkhaniyi, koma makamaka anthu a ku Namwera amene anadya nandolo tsiku lija.