Chimakina cha Alamu

"Kamakina aka ndi kowotcherera boti kapena ndi wailesi?" anafunsa mwini boti, akukankha ndi phazi kamakina komwe mlamu wake, wowotcherera zitsulo, anasankha m'sitolomo.

"Alamu, kamng'alu kali m'boti lanu n'kotalika ngati chala, ndipo aluminiyamu safuna moto wambiri. Aka kamawotchereranso zitsulo zosachita dzimbiri, komanso ndimakanyamula ndi dzanja limodzi."

"Boti langa si chidole. Tengani chachikulucho."

Amuna anayi ananyamula chimakinacho mpaka padoko, thukuta lili kamukamu. Pochitsitsira m'botimo chinawapulumuka n'kuboola pansi, ndendende pamene panali kamng'alu.

Wowotcherera uja anasuzumira m'chibowocho n'kugwedeza mutu.

"Munaganiza bwino, alamu. Kamng'alu kaja kanali kochititsa manyazi. Tsopano ntchito yafanana ndi makina anu."