Wayifayi ya Adamson Inatseka pa Maliro a Atate Ake

Panali munthu wina ku Ngungu kuno ku Kabwe, dzina lake Adamson, amene ankagulitsa wayifayi m'komboni. Mlongoti wake unali wautali moti akhwangwala ankapumulira pakati asanafike pamwamba.

Susan, mayi amene anamumangira marauta, zipangizo zoulutsira wayifayi, anamuikiranso AI yoyang'anira netiweki. Anamuchenjeza kuti AI izingoona vuto n'kumuuza, koma ikafuna kusintha chilichonse mu rauta iziyamba yapempha, iye n'kuvomera.

Sabata isanathe Adamson anatopa. Pa bala ankaiyeseza ndi mawu a m'mphuno: "Bwana ndisinthe? Bwana nditseke? Bwana ndiyetsemule?" Anthu ankaseka mpaka kugwetsa mabotolo. Tsiku lomwelo anaipatsa pasiwedi yaikulu, n'kuiuza kuti isamufunsenso, ikaona foni zachilendo zikudya netiweki izithana nazo yokha.

Susan atamva anaimba foni. "Ba Adamson, chinthu icho sichidziwa m'bale. Bwezani loko."

Adamson anayankha kuti ena amaopa ngakhale ketulo.

Kenaka atate ake anamwalira. Mdalayo anali mwana wa Mmalawi wa pa mgodi, ndipo m'bale wake yekha wotsala anali mlongo wake, mayi Taizya a ku Kasungu, amene miyendo inawakana kalekale. Iwo anapempha chinthu chimodzi: aone nkhope ya mlongo wawo pa vidiyo bokosi lisanatsekedwe. Adamson anadziguguda pachifuwa kuti adzaona ngakhale imvi za m'mphuno. Pajatu panyumbapo netiweki ya foni imagwira mawu okha, vidiyo iyayi, ndiye zonse zinadalira wayifayi.

Tsiku loika maliro thupi linafika panyumba. Adamson, pofuna kutchuka, anauza olira onse pasiwedi. A kwaya analowa, a gulu la mapemphero la Legio analowa, ngakhale okumba manda analowa. AI itaona chigulu cha foni zachilendo inati akuba afika. Inazitseka zonse, inasintha pasiwedi, n'kuthamangitsanso foni imene inkadya kwambiri. Foniyo inali ya Adamson, imene anaiimika pamwamba pa bokosi kuti mayi Taizya aone pa vidiyo.

Ku Kasungu mayi Taizya anangoona denga, kenaka kampira kozungulira.

Adamson anayesa kuilamula AI kuti itsegule, koma akanailamula bwanji popanda netiweki? Anaimbira Susan. Iye anati pakufunika laputopu ndi chingwe, ndipo ali ku Ndola. Anamuletsa kukhudza kabatani ka kumbuyo kwa rauta. Adamson anakabaya ndi chotokosera m'mano. Zonse zimene Susan anakonza zinafufutika, Ngungu yonse zii.

Akatekisiti anadikira, kwaya inabwereza nyimbo mpaka mawu kusasa. Pomaliza amalume a Adamson anati, "Mwana wanga, dzuwa likutentha thupi. Titseke."

Anatseka. M'chipwirikiticho palibe anakumbuka ngakhale kujambula chithunzi.

Madzulo mayi Taizya anaimba. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Kodi achimwene anaonda? Anawameta bwino?" Adamson, pakamwa ponse paja, anangopatsira amalume foni. Akuti mpaka lero mayiwo amaimbabe n'kufunsa zomwezo kwa aliyense amene wayankha foni.

Phunziro: AI ione, inene, koma kiyi yosinthira marauta ikhale m'manja mwa munthu. Ikakufunsani musatope nayo, chifukwa ikasiya kufunsa mudzalira kawiri. Ndikudziwa ambiri muwerenga, museka, n'kukaipatsabe pasiwedi. Tumizani ndithu ku magulu anu, mwina mmodzi amva.