Waya Amene Analumikiza Bwana Madigiri

Panali munthu wina, manijala wa ofesi yaing'ono ya kampani yonyamula katundu. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mlamu wanga amene amayendetsa lole pakampani pomwepo. Antchito ankamutcha Madigiri, chifukwa mapepala a sukulu pakhoma pake ankachuluka kuposa mawindo. Koma ntchito anaipeza chifukwa anakwatira mwana wa mwini kampani. Ine sindibisa mawu.

Mu ofesimo munalinso bambo wachikulire wosesa, wodziwika kuti a Tsache. Sukulu analekeza kalasi yachinayi. Kwa zaka khumi ndi zinayi, m'mawa uliwonse, ankapukuta fumbi pakabokosi kogawa intaneti kamene kanali pamwamba pa kabati.

Lolemba lina m'mawa intaneti inafa. Makompyuta onse zii. Malole atatu anaima panja, madalaivala akudikira mapepala a ulendo.

A Tsache anagogoda kwa bwana, chipewa chili m'manja.

"Pepani bwana, timagetsi ta pakabokosi kaja tasintha. Masiku onse kalikonse kamaphethira pakokha. Lero tonse tikuphethira pamodzi ngati tapenga. Ndiponso pali waya wina..."

"Madala, inu ndi intaneti munadziwana liti? Mwagunda china chake ndi mopu wanuyo. Ikakwana 12 koloko isanabwerere, mukapume kwanu."

A Tsache anatuluka. Kunyumba akulera zidzukulu zitatu, ndiye pamsinkhu umenewo angawalembe ntchito ndani? Anakaima pakhonde ndi ndowa yawo.

Madigiri anavula jekete. Anazimitsa rauta, chipangizo cholandira intaneti kuchokera kunja, n'kuyatsanso katatu. Palibe. Anaimbira a kampani ya intaneti n'kuwakalipira. Iwo anati, "Kuno tikuona kuti ikufika bwinobwino mpaka pakhomo panu. Vuto lili m'kati mwanumo." Anawadulira foni. Kenako anakhala pansi n'kulemba kalata yochotsa a Tsache. Anadina kuti isindikizidwe, pulinta duu. Anadinanso. Anadinanso kachitatu. Anaiwala kuti pulinta nayo imadyera pakabokosi komweko.

Nthawi itatsala pang'ono, apongozi ake, eni kampani, atamva kuti malole aima, analowa ndi mayi wina wokonza zamakompyuta. Wamfupi, wosalankhulalankhula, kachikwama kumsana. Abale anga, pali anthu odziwa ntchito padziko pano! Mayiyo sanathamangire kugwira chilichonse. Anayamba ndi mafunso.

"Zayamba liti? Ndi kompyuta imodzi kapena onse? Chasintha n'chiyani kuchokera Lachisanu?"

"Palibe chasintha," anatero Madigiri. "Ndi mopu wa mkuluyo."

Mayiyo anazula waya wochoka ku rauta kupita kukabokosi, n'kulowetsa mu laputopu yake. Intaneti pompo inatseguka.

"Msewu waukulu uli bwino. Matenda ali m'nyumba." Anabwezera waya uja, n'kuyang'ana kabokosi. "Amakadziwa bwino kameneka ndani?"

"Ndine," anatero Madigiri.

"Masiku onse pamakhala mawaya angati?"

Madigiri anayang'ana kudenga.

"Asanu, mayi," mawu anachokera pakhomo. Anali a Tsache. "Mabowo asanu oyamba. Lero odzaza ndi asanu ndi awiri. Waya wabuluuyo ndi wa desiki imene inachotsedwa chaka chatha. Ine ndimangomukulunga n'kumupachika pamsomali."

"Lowani malume, ndowayo isiyeni pomwepo."

Mayiyo anaika chala pa waya wabuluu uja n'kuyamba kumutsata. Wayayo anatuluka pabowo lachisanu ndi chimodzi, anatsikira kuseri kwa kabati, anazungulira, n'kukwera kudzalowa pabowo lachisanu ndi chiwiri. Mutu ndi mchira, kabokosi kamodzi.

Apa Madigiri anadzitukumula, poti apongozi akuona.

"Ameneyo ndalumikiza ndine m'mawa uno. Anali lendelende, kunyasitsa ofesi, pamene bambo akubwera. Ulesi wa mkuluyu umenewo."

Mayiyo sanaseke n'komwe.

"Bwana, uthenga ukutuluka pabowo ili n'kulowanso pa ili, kuzungulira osalekeza ngati galu wothamangitsa mchira wake. Wachuluka mpaka watseka njira ya wina aliyense. N'chifukwa chake timagetsi tapenga. Malume anaona zoona." Anatembenuka. "Malume, zulani ndinu."

A Tsache anapukuta manja pa ovolosi. Kenako anazula.

Timagetsi tinadekha, kalikonse n'kuyambanso kuphethira pakokha. Mlembi anakuwa kuchipinda china, "Yabwera!" Madalaivala panja anaimba mahutala. Maola anayi a chisokonezo, mankhwala ake chala chimodzi cha munthu wosesa.

Ndiye pakona pulinta inatsokomola. Inatulutsa pepala. Linanso. Linanso.

Madigiri anathamangira, koma apongozi anali pafupi. Anatola, anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi. A Tsache anaona dzina lawo pamwamba pa pepala ndipo anayamba kumasula makiyi a ofesi palamba.

"Makiyiwo asiyeni pomwepo, achimwene," anatero eni kampani. Kenako anayang'ana Madigiri. "Mkamwini, kalatayi mwailemba bwino. Kusasamala, kuwononga ntchito, kuimitsa malole, zonse n'zoona. Mwangolakwitsa dzina."

Lero Madigiri ali kuyadi ya malole, akuyang'anira matayala padzuwa. Kabokosi kaja anakatsekera, kiyi ali palamba wa a Tsache. Intaneti ikavuta, mayi uja akaimbiridwa foni amati, "Mundipatse kaye malume."

Phunziro: Musamalumikize chimene simukuchidziwa pofuna kuoneka bwino, ndipo zikavuta, funsani amene amagwira chinthucho tsiku ndi tsiku musanamuloze chala. Maso sapita kusukulu koma amaona. Tumizani kwa anzanu, makamaka mabwana amene amayesa kuti wonyamula mopu alibe mutu.