Buku Lothera Panjira

"Mwina mwandigulitsa buku loduka, apo ayi mwana uyu ndi wabodza!" anatero mayi ena, akumenyetsa chibuku pa kauntala m'sitolo ya mabuku. Mwana wawo wamkazi, wa ku sekondale, anaima kumbuyo atazyolika.

Iwo kuwerenga sadziwa. Kwa milungu itatu mtsikanayo ankawawerengera, iwo akupalasa makina osokera. Dzulo lake anatseka bukulo n'kunena kuti latha. Latha bwanji mfumukazi ili m'ndende, chinjoka chamapiko chili m'njira? Anamulalatira kuti ndi waulesi, osamupatsa mpata woyankha.

Wogulitsa mabukuyo analoza pa shelefu. "Mayi, limenelo ndi loyamba chabe. Nkhaniyi ili m'mabuku asanu ndi awiri."

Makasitomala ena anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Nanga mwaliona bwanji?" anafunsa wogulitsayo pofuna kuwachotsa manyazi mayiwo.

"Zachibwana zokhazokha. Masamba onsewa, anthu kumangoyenda osafika! Enawo sindikuwafuna."

Anatola buku lawo n'kutuluka. Mpaka pa siteji ya basi sanayang'ane mwana wawo kumaso. Kenako anatsokomola, mawu atatsika.

"Iwe, mfumukazi ija ituluka?"

"Ndikudziwa. Onse asanu ndi awiri ndinawamaliza ku laibulale ya kusukulu."

"Ndiye ukudikira chiyani? Ndiuze!"

Mtsikanayo anapinda manja monga amachitira mayi ake kasitomala akamanenerera.

"Yambani mwapepesa, amayi. Ndipo pamenepo sinditsitsa."